Masilinda Anayi Amene Anasowa ku Namiwawa

Mpaka lero apongozi anga aakazi akamandipatsa moni amayang'ana pakamwa panga osati m'maso, ngati mmene munthu amayang'anira galu amene analumapo mlendo. Sindiwadandaula. Ndinaziyamba ndekha, ndipo panalibe amene anandituma.

Ndiyambe ndi kuulula matenda anga. Ine ndimakonda timagalimoto tija tothamanga ta ku Mangalande, topangidwa ndi manja, tamipando iwiri, denga la nsalu, boneti yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wamtali. Nthawi imene nkhaniyi inkachitika ndinalibe galimoto, ndinalibe laisensi, ndipo ndinkakhala ku Chimwankhunda m'nyumba ya lendi. Koma magazini akale a magalimoto amene mavenda amayala m'mbali mwa msewu mu tauni ndinali nawo katoni yodzaza. Ndinkadziwa kuti amisiri a kumeneko amakhoma thupi la galimoto ndi manja, mkati n'kuikamo mafelemu a thabwa, koma injini amakagula kwa ena. Wogula amasankha yekha: yaing'ono ya masilinda anayi, ya anthu ofatsa, kapena chiinjini cha masilinda eyiti, cha anthu amene safuna kukalamba. Ku ofesi anzanga ankathawa ndikayamba nkhani imeneyi (mmodzi anafika ponamizira kuti akusala kudya, kuti asakhale nane pa lanchi).

Ndiye tsiku lina chibwenzi changa, Thoko, chinangonena mongodutsa kuti, "Adadi ali ndi chigalimoto china chake chakalekale chopanda denga. Chimangotha malo m'galaja."

Ndinamufunsa mafunso ambiri moti anayamba kukayika ngati ndikufuna iyeyo kapena galaja.

Nditapita koyamba kwawo ku Namiwawa, mlonda atangotsegula geti, ndinaiona. Yobiriwira, yonyezimira, boneti yake yomangidwa ndi lamba wachikopa. Abambo ake a Thoko, a Namakhwa, anali injiniya wopuma pantchito, munthu wa mawu ochepa. Koma ataona mmene ndinkaizungulira galimotoyo, anamasuka.

"Mumaidziwa imeneyi?"

"Ndimaidziwa bambo. Mkatimu muli thabwa. Nanga injini munasankha iti?"

"Eyiti," anatero akugwira boneti ngati akugwira phewa la mwana wawo. "M'Blantyre muno mulibe ina."

Analowa, n'kuiliza. Apa ndiye panayambira mavuto anga onse.

Injini ya masilinda eyiti, malinga ndi zimene ndinawerenga ndi kumvera pa foni, imalira mozama ngati bingu likamagunda kuseri kwa phiri la Ndirande. Iyi inkalira mopepuka, mothamanga, mwa kabwerebwere. Ndipo kaliridweko ndinkakadziwa bwino. Ine ndakwera minibasi za ku Chimwankhunda moyo wanga wonse, nthawi zambiri pa kampando kotentha kaja kakumbuyo kwa dalaivala, pamwamba penipeni pa injini. Makutu akhoza kundinamiza, koma matako anga sanganame. Chimene chinkalira m'galimoto ya a Namakhwa chinali m'bale wake wa minibasi.

"Bambo, tingatsegule boneti ndione?"

Amayi ake a Thoko, amene ndinkaganiza kuti ali kukhitchini, anatulukira pakhomo nthawi yomweyo. "Tiyi akuzizira," anatero. Tiyiyo anali asanathiridwe n'komwe.

"Boneti amatsegula ndi a Twaibu okha," anatero a Namakhwa akuzimitsa injini. "Makaniko wanga wa ku Limbe. Munthu wina aliyense sagwirapo."

Ndisanalowe m'nyumba ndinanamizira kumanga chingwe cha nsapato kumbuyo kwa galimoto. Inali ndi mapaipi awiri otulutsa utsi. Limodzi linali lotentha. Linalo linali lozizira, ndipo kangaude anali atamangamo nyumba, ana ake akusewera pakhomo.

Sabata yonse mutu wanga unali pa a Twaibu. Nkhani inali yoonekeratu: nkhalamba yokhulupirira anthu, makaniko amene salola wina kutsegula boneti, injini yodula imene yasanduka ya minibasi. Ndinkadziona kale ndikuthokozedwa pamaso pa banja lonse. Chinkhoswe chathu chinali chitatsala milungu itatu, ndipo ndinaganiza kuti palibe mkamwini amene analowapo m'banja ndi mphatso yoposa imeneyi.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Galaja ya a Twaibu inali kuseri kwa mashopu, mpanda wa malata, magalimoto akufa atasanjikizana. Iwo anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera, atavala kachisoti ndi ovolosi yoyera modabwitsa (chimenenso ndinachiona ngati umboni, poti makaniko woona mtima amayenera kuda).

"Tikuthandizeni achimwene?"

"Galimoto yanga ikuvuta."

"Galimoto yanji?"

Ndinali ndisanakonzekere funso limeneli. "Yoyera," ndinatero.

"Ikuvuta chiyani yoyerayo?"

"Ikumalira."

"Zonse zimalira. Ili kuti?"

Ndinati ili kunyumba, n'kupempha kuchimbudzi. M'malo mopita kumene anandilozera ndinakhotera kushedi ya kumbuyo, ndipo kumeneko, pa matabwa, panali chinthu chachikulu chofunditsidwa lona. Ndinakweza lonayo. Chiinjini chopukutidwa bwino, chopakidwa mafuta. Ndinawerenga mawaya a mapulagi: anayi mbali iyi, anayi mbali inayo. Ndinatulutsa foni n'kujambula katatu.

"Chimbudzi chili uko," anatero a Twaibu kumbuyo kwanga.

"Ndimangosirira. Imeneyi mukugulitsa?"

"Si yogulitsa. Ndikusungira amayi ena ake." Anabwezeretsa lonayo mosamala. "Achimwene, mwabwera kudzakonzetsa galimoto kapena kudzajambula?"

Ndinatuluka mofulumira, mumtima ndikuseka. Amayi ena ake. Ndi mayi uti m'Malawi muno amene amasungitsa injini ya masilinda eyiti?

Madzulo ake ndinamuuza Thoko pang'ono chabe, kuti galimoto ya abambo ake ikundikayikitsa. Anasiya kudya chipisi n'kundiyang'ana.

"Za galimoto ija uzisiye."

"Koma pali munthu amene akuwapusitsa adadi ako."

"Ndati uzisiye. Si zako."

Munthu wanzeru akanamva. Ine ndinangoganiza kuti akazi za magalimoto sazitsata. Kwa mphindi zingapo ndinamukayikiranso iyeyo, kuti mwina a Twaibu anamugawirako kanthu (izi sindinamuuzepo, ndipo ndikupempha kuti amene amamudziwa asamuonetse nkhaniyi).

Mpata unapezeka Loweruka lotsatira. A Namakhwa anaitana anzawo atatu, madala okonda magalimoto akale, kudzadya nkhomaliro pa kapinga. Ine ndinaitanidwa kuti andione. A Twaibu analiponso, akupopa matayala. Galimoto inali itatulutsidwa padzuwa, ndipo a Namakhwa ankafotokozera anzawo mmene eyiti imakokera pokwera chitunda.

"Nanga bwanji masiku ano mumayenda ngati muli pa mdipiti wa maliro?" anafunsa mmodzi wa madalawo. "Tinakupitirirani ku Mandala tsiku lija, ife tili pa kapikapu."

"Misewu yake iti yothamangamo?" anayankha a Namakhwa.

Ndinaimirira. Ndikukumbuka kuti ndinakonza kolala kaye.

"Bambo, pepani. Si misewu ayi. Galimoto yanuyi ilibe masilinda eyiti."

Thoko anandiponda phazi, koma ndinali nditanyamuka kale. Ndinapita pagalimoto, ndinamasula lamba wachikopa uja, n'kukweza boneti. Pakati pa malo aakulu opanda kanthu panali kainjini kakang'ono ka ku Japani, katakhala mwamanyazi ngati mwana amene wavala jekete la abambo ake. Madala aja anabwera ndi mbale zawo m'manja n'kusuzumira. Mmodzi anawerenga mokweza, "Wani, thu, fili, folo," n'kuyang'ananso pansi ngati ena agwera m'kapinga.

"Injini yanu ili ku Limbe, pansi pa lona," ndinatero ndikuyendetsa foni kuti aliyense aone. "Akuberani bambo. Ndipo wakubayo ndi uyu ali apayu."

A Twaibu sanakalipe. Anaika pampu pansi, anapukuta manja chala chimodzichimodzi, n'kutembenukira kwa amayi ake a Thoko.

"Mayi, ndinene ine kapena munena nokha?"

Amayiwo anaika supuni m'mbale. Sanayang'ane amuna awo, anayang'ana ine.

"Injini ija ndinachotsetsa ndine. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo bambo awa anatuluka nayo mumsewu wa ku Zomba n'kukagwera m'munda wa chimanga. Nthiti zinayi zinathyoka. Ndinagona pansi kuchipatala mwezi wathunthu. Ali chigonere ndinapita kwa a Twaibu n'kuwapempha kuti aikemo injini yoti munthu azifika nayo kutchalitchi n'kubwerako wamoyo. Anakana kawiri, kachitatu ndinalira. Munthu amene mwamutchula wakubayu wasunga chinthu chija zaka zonsezi, anthu akuchifuna, iye osagulitsa."

Ndinamva bwinobwino wailesi ya mlonda kugeti.

A Namakhwa anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana a Namakhwa. Kenako a Namakhwa anamenya tebulo, koma mosafika pamtima.

"M'nyumba mwanga momwe. A Twaibu, Lolemba injini yanga ibwerere m'malo mwake."

Alendo anatsanzika asanadye zipatso. Thoko analowa m'nyumba osandiyang'ana. Ine ndinali ndikusuzumira kugeti pamene a Namakhwa anandikodola kuti ndiwatsatire m'galaja. Anatseka chitseko.

"Mwana iwe," anatero, ndipo ulemu wa "inu" unathera pomwepo, "ndagwira ntchito ya mainjini zaka makumi atatu. Ukuganiza kuti sindingathe kuwerenga mpaka folo ndi khutu?"

Anatsitsa mawu n'kupitiriza.

"Ndinadziwa tsiku loyamba, nditangotembenuza kiyi. Ndipo ndinathokoza Mulungu. Chiinjini chija ndinkachiopa kuyambira tsiku la m'chimanga lija, koma ndikanawauza bwanji anzanga aja kuti ndachita mantha? Mkazi wanga anandichotsera popanda kundichititsa manyazi. Iye ankaganiza kuti wandipusitsa, ine ndinkayenda pang'onopang'ono n'kumanamizira misewu, aliyense ankagona tulo. Tsopano iwe wandibwezera chilombo chija pamaso pa mboni zitatu."

"Pepani bambo, ndimafuna kuthandiza."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ukuopsa."

Chinkhoswe chinaimitsidwa kwa miyezi iwiri. Amalume anga anachoka ku Thyolo kudzapepesa, ndipo mpaka anabwerera osamvetsa mlandu wake ("Ndiye kuti wapezeka ndi mkazi wina?" "Ayi amalume, ndi masilinda." "Masilinda ndi mwana wa ndani?"). Thoko anakhala milungu itatu osayankha foni. Chovuta koposa chinali kubwerera ku Limbe. A Twaibu anandisiya chiimire pakati pa galaja mpaka anamaliza kumanga giyabokosi.

"Ine dzina ndi limene limandidyetsa," anatero pomaliza. "Madala atatu aja onse ndi makasitomala anga. Mukanakhala kuti munanena kumbali, amayi aja palibe, bwenzi pano ndikutseka."

Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Anandikhululukira, koma mpaka lero akandiona amafunsa kuti, "Yoyera ija ikuliranso?"

Iwo omwewo ndi amene anapulumutsa banja lonse. Lolemba lija anafika ku Namiwawa ndi nkhope yachisoni n'kunena kuti pampu ya madzi ya chiinjini chija inadyeka ndi dzimbiri, ndipo ya mtundu umenewo m'dziko muno sipezeka. A Namakhwa anadandaula mokweza kuti anzawo akamve. Amayi anapukusa mutu momvera chisoni. Kuyambira pamenepo, wina akafunsa za eyiti, yankho limakhala lakuti tikudikira pampu. Tadikira zaka zisanu. Ine ndi Thoko tili ndi ana awiri tsopano.

Mwezi wathawu ndinalowa m'shopu ina ya zipangizo za magalimoto ku Limbe, ya mmwenye wina wachikulire, kukagulira mnzanga fyuzi. Ndikuyang'ana m'mashelefu, maso anga anagwera pa kabokosi kafumbi. Ndinawerenga nambala yake kawiri. Inali pampu ija, yatsopano, ya injini yomweyo. Ndivomereze kuti dzanja linafika m'thumba kukatenga foni, ndipo dzina la apongozi aamuna ndinali nditalipeza kale. Ndinaima kaye n'kupuma. Kenako ndinaganiza kuti njira yabwino ndi kuigula ndekha n'kukaibisa pamwamba pa wadirobu, wina wa madala aja asanaione.

Mwini shopu anaipukuta fumbi akundiyang'ana modutsa pamwamba pa magalasi.

"Inu ndinu a ku Namiwawa?"

"Ndinakwatira kumeneko. Mwadziwa bwanji?"

"Ndinaitanitsa mapampu atatu, chifukwa madala ena ankangobwera kudzafunsira mnzawo. Yoyamba anagula amayi a kumeneko, anati ndisauze munthu. Yachiwiri anagula amuna awo, anati ndisauze munthu." Anaikulunga m'nyuzipepala. "Inunso ndisauze munthu?"

Ndinati inde, asauze munthu, ndipo ndinamulonjeza kuti nanenso pakamwa panga ndatseka, poti ndinaphunzira. Ndapirira milungu inayi yathunthu. Inu amene mukuwerenga ndinu oyamba kumva.