Nkhondo ya Chifefe cha a Makisoni

Tcherani khutu, inu a ku Kachulu, inu onunkha matemba ndi inu a matope m'miyendo, pakuti ndikunena za masiku aakulu aja, nyanja ya Chilwa itangobwerera kuchokera komwe inathawira, mpunga wa ku Likangala utayamba kuweramitsa mitu, mpheta zitaitana abale awo onse kuphwando. M'masiku amenewo kunabuka nkhondo yosakhetsa magazi, koma malovu amene anatayika akanatha kuthirira dimba lathunthu.

Mbali ino kunali a Makisoni, Njovu-ya-m'matope, Bingu-logunda-mvula-itapita, mkamwini amene anafika pamudzipo atanyamula zinthu ziwiri zokha: mphasa, ndi chifefe cha mipope iwiri, mfuti imene malume awo anawasiyira. Munda unali wa akazi awo, nyumba inali pa dothi la akazi awo, ana omwe anali a kuchikazi, koma chifefecho chinali chawochawo. Kuti chinalira liti komaliza, palibe akukumbuka. Mavu anamangamo nyumba, dzimbiri linachifunditsa bulangete, komabe a Makisoni ankachitchula kuti Mngelezi, ndipo m'mawa ankayamba kuchipatsa moni icho asanadzutse akazi awo.

Mbali inayo kunali mlamu wawo, a Edwadi, mwinimbumba, Mimba-yofika-mwiniwake-ali-m'njira, Mlomo-wosadziwa-Sabata, mchimwene wa mayi Falida, akazi a Makisoni.

Moto unayakira pa bawo. A Edwadi atadyedwa nkhomo zonse, anafuna pobwezera, nati: "Alamu, chitsulo chanu chija n'cha Apwitikizi, chotchipa. Makolo anu anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki akuchiyesa ndodo yoyendera."

Kalanga ine! Nkhuku zinasiya kutola. A Makisoni anaimirira pang'onopang'ono, chifukwa cha ukulu wa nkhaniyo komanso chifukwa cha bondo, natambasula dzanja kuloza kunyanja.

"Imvani, inu madzi a Chilwa! Imvani, inu milamba ya m'matope! Mfuti iyi inasulidwa ku Mangalande, ndi amisiri ovala mataye! Dzina lawo lilipo pa chitsulopo, dzimbiri langolisunga. Mtengo wake, alamu, mutagulitsa mpunga wanu, njinga yanu ndi mimba yanuyo, simungagule ngakhale mpope umodzi!"

"Tipangane," anatero a Edwadi. "Aitanidwe a Bizweki a ku Zomba, ogula zinthu zakale zokoloweka m'makoma a malo ogona alendo. Akawerenga dzina lachingelezi, ine ndidzakugwadirani pamaso pa mbumba yanga. Likakhala la Chipwitikizi, mudzaingitsa mbalame m'munda mwanga mpaka kukolola, chitini m'manja, mukukuwa ngati mwana wa sukulu."

"Ndavomera!" anabangula a Makisoni.

Koma pakamwa pakavomera, m'mimba simuvomera nthawi zonse. Ngwazi yathu inabwerera kunyumba ikudziwa chimene mudzi sunkadziwa: malume aja sananenepo komwe mfutiyo inachokera. Za Mangalandezo a Makisoni anazipeka okha chaka chawo choyamba cha ukamwini, tsiku limene anamva apongozi akufunsa kuti kodi munthuyu wabwera ndi chiyani. Tsopano ankadziona, bambo wa imvi, ataima m'matope a mlamu wawo akuimba chitini, amayi opita kumsika akufa ndi phwete. Anachita mantha, mantha enieni, moti tsiku limenelo matemba anawabweza osawakhudza. Mayi Falida anangoyang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana amuna awo.

Tsiku la chiweruzo linafika. Ankhondo onse awiri anavala majekete, dzuwa likuswa mtengo, napita kusiteji ya minibasi kukalandira mlendo. Tsono kwathu kuno mlendo wa m'tauni safikira pa uve. Bwalo limasesedwa, khonde limaziridwa, mapoto amakwechedwa mpaka munthu adziwonerepo nkhope. Mayi Falida anachita zonsezi monga mwa mwambo. Atatha mapoto, anatenga mchenga, phulusa, ndi mwala wonolera zikwanje, nakhala pansi ndi Mngelezi pamiyendo.

Pofika gulu lija, a Bizweki patsogolo ndi kagalasi kawo kokulitsa zinthu, osewera bawo pambuyo, chifefe chinali pa mphasa chili mbee, chikuthwanima ngati supuni yatsopano.

A Bizweki anagwada. Anaika kagalasi pa mpope wakumanja, kenaka wakumanzere, anatembenuza, ananunkhiza. Ndiyeno anagwira m'mutu.

"Mayo ine! Ndani wachita zimenezi?"

"Ndine, bambo," anayankha mayi Falida akugwada mwaulemu. "Mlendo sitimuonetsa chinthu chadzimbiri. Mukanati pamudzi pano palibe mzimayi."

"Mayi, dzina linali apa! Apa pomwe mwanolapa! Azungu amagula dzina ndi dzimbiri lomwelo. Chatsala apa ndi mipope iwiri basi."

"Nanga mtengo wake?" anafunsa a Edwadi, mawu atachepa.

"Dikirani ogula zitsulo zakutha aja. Mukachita mwayi akupatsani beseni lapulasitiki."

"Koma ndi Mngelezi, eti?" anatero a Makisoni.

"Ndi Mpwitikizi, si choncho?" anatero a Edwadi.

"Abambo inu, ngakhale amene anachisula atadzuka kumanda, sangachizindikire. Ndipatseni madzi akumwa ndizipita."

Pamenepo a Makisoni anamva mpweya ukubwerera m'chifuwa, koma ngwazi sionetsa chimwemwe pa maliro. Anang'amba kukhosi: "Andilanda chigonjetso! Bondo la alamu linali litayamba kale kupinda!" A Edwadi nawo analira kuti alandidwa wantchito waulere. Osewera bawo anakhala upo pansi pa mtengo wa mango, nagamula kuti popeza palibe wapambana ndipo palibe wagonja, mbalame aziingitsa ndi mwini mlandu, ndiye chifefecho.

Motero mtendere unakhazikitsidwa ndi ulemerero umene Likangala sanauonepo. Anamanga chidole cha udzu pa malire a minda iwiriyo. A Makisoni anapereka jekete, a Edwadi anapereka chipewa ndi thalauza, limene linafuna udzu wa mitolo yambiri kuti lidzaze. Anachinyamulitsa mfuti paphewa. Ndowa ya thobwa inafika, wina anaimba chitini m'malo mwa ng'oma, ndipo adani awiriwo anagwirana chanza aliyense akuyang'ana kumbali.

Chisangalalo chili mkati, a Makisoni anasendera kwa akazi awo, amene ankatunga thobwa, nanong'ona.

"Amayi a Takondwa, musananole paja, dzinalo munaliona?"

"Ndinaliona."

"Linali lachingelezi?"

Mayi Falida anadzaza chikho mpaka pakamwa, nachiika m'manja mwa amuna awo.

"Imwani thobwa, bambo. Bondo lanulo likanatha kuima m'matope mpaka kukolola?"

A Makisoni anamwa, ndipo anamwa nthawi yaitali, nkhope itabisala m'chikhomo. Atatsitsa, maso anali onyowa, iwo nati ndi thobwa lowawasa. Kenaka anatembenukira kumunda, komwe mpheta zinali zitatera kale pa mfuti ija, mzere pa mpope uliwonse, zikupumula zitakhuta mpunga.

"Taonani, anthu inu!" anafuula ndi mawu oposa akale. "Ngakhale mbalame zikudziwa kufola pamaso pa Mngelezi!"

"Mpwitikizi!" anakuwa a Edwadi kutsidya la ngalande.

Mayi Falida anatola ndowa yawo, naubisa bwino m'chitenje mwala wonolera uja.