Ulendo wa ku Chowe pa njinga yatsopano

Lolemba

Ndikunena ndine, akulemba ndi Mariamu, popeza ine sukulu ndidangoilawa. Ndamuuza alembe monga ndikuyankhulira, osakometsa. Tiyambe ndi ana anga, kuti woŵerenga adziŵe nyumba imene akuloŵa.

Saidi, woyamba: kalaliki ku Blantyre, ali ndi tebulo lakelake.
Mariamu: mphunzitsi. Ali pano pa tchuthi.
Amidu: ali ndi boti la injini, ndipo amalemba anthu ntchito.
Yusufu: amagwira kuhotela ku Nkopola. Azungu amamufunsa maina a nsomba, iye n'kumawayankha m'Chingerezi.
Patuma, chitsiriza: ali ku Chowe.

Mariamu akuti ndiwonjezerepo pa Patuma. Chabwino. Adakwatiwa ndi Jafali, mmodzi wa othaŵa nkhondo a ku Mozambiki, amene adafika kuno wopanda ngakhale khasu. Amalume ake a Patuma adaŵapatsa munda kuphiriko. Kwawoko sindinapondeko.

Chaka chikukwana chimwalirire mayi awo, ndiye tichita sadaka. Saidi ndamulembera kalata, ena aŵiriwo auzidwa. Patuma watumiza mawu akuti kalata ndi ya alendo. Akuti ngati ndimamuŵerenga pakati pa ana anga, ndipite ndikamuuze ndi pakamwa panga, apo ayi sabwera. Sadaka ya mayi popanda chitsiriza chawo, anthu adzati chiyani? Nawo malemuwo akadati chiyani?

Saidi adanditumizira njinga yatsopano, yakuda, ya belu. Maŵa ndipalasa ndekha, kuchoka pano pa Mponda, kuwoloka mlatho, n'kuloŵa njira ya m'nkhalango. Kulibe malole, kulibe fumbi. Ndili mnyamata ndinkakwera phiri limenelo ndi madengu aŵiri a utaka osatsika. Komanso njirayo sidutsa pamsika, pamene anthu amafunsa zambiri.

Zonyamula: shuga, sopo, masamba a tiyi, pompi ya njinga.

Lachiŵiri

Ndabwerako. Ku Chowe sindinafike.

Mlatho ndawoloka bwino, belu likulira, asodzi akucheuka. Ndisanayambe chitunda, ndikuona nthambi zaziŵisi zitayalidwa pamsewu. Maliro. Munthu sadutsa pamaliro ali pachishalo, ndiye ndatsika. Ndikukankha mwaulemu, ndikumva wina akuti, "Si bambo a Saidi aŵa? Amva msanga, abwera."

Womwalirayo ndi mkulu amene ankandigula nsomba kale. Ukanena bwanji kuti umangodutsa? Andipatsa mpando kutsogolo. Ndapita kumanda, ndadya, shuga ndasiya komweko.

Wina wandifunsa kumene ndimaloŵera ndi sopo pakaliyala. Ndanena zoona, pamaliro sanama. Tsopano mudzi wonse uja ukudziŵa za sadaka, kupatula amene ndimakamuuza.

Lachitatu

Shuga wina.

Pamaliro paja ndadutsa ndili pachishalo, nthambi azichotsa. Ndaloŵa m'nkhalango. Poyambira pake mitengo yatha, patsala zitsa ndi tinyumba ta udzu. Kutsogolo ilipobe: mombo, masuku, mlombwa apa ndi apo. Mthunzi ndi womwe uja, koma njira si ya zii ngati kale. Amayi a nkhuni, abambo a matumba opanda kanthu akupita kukalandira ufa. Aliyense moni, ndipo wamkulu sayankha moni akuthamanga. Ndatsika, ndakwera, ndatsika.

Kenako mayi wina, mwana wamkulu ndithu ali kumsana, mutu uli lende. Chiyao chake ndi cha kutsidya kwa malire. Akuti akupita kuchipatala ku Boma, anyamuka kusanache. Sanapemphe kanthu. Wangoyang'ana kaliyala, ine ndayang'ananso kaliyala.

Ndatembenuza njinga. Kutsetsereka n'kosavuta, ngakhale muli atatu.

Panjira wandiuza kuti kwawo adali ndi ng'ombe ndi nyumba ya malata. Wanena mosadandaula, ngati akunena za nyengo. Ine ndinkaganiza kuti amene abwera opanda kanthu adali opanda kanthu chiyambire.

Mwanayo amugoneka m'chipatala. Shuga ndi sopo ndamusiyira mayiyo. Kwatsala tiyi ndi pompi.

Lachinayi

Lero kulibe maliro, kulibe wodwala. Ndadutsa pamene ndidatembenukira dzulo, ndafika pachitunda chenicheni.

Phirilo lakula. Sindikuseka, kale silinali choncho.

Ndapalasa, ndaimirira pamapedulo, njinga ikungogwedeza mutu. Ndatsika kuti ndikankhe. Bambo wina wosenza mitengo wandipitirira, akuti, "Madala, njinga yatsopanoyi mukungoiperekeza?" Ndamuuza kuti ndikuiphunzitsa njira.

Ndakhala pansi pa msuku nthaŵi yaitali. Mphepo m'masamba, njiŵa, nyani mmodzi akundiyang'ana ngati ndamubwereka kanthu. Mtima ukugunda m'makutu. Ndayang'ana kumtunda, ndayang'ana kumunsi. Ndasankha kumunsi.

Mariamu, lemba kuti chavuta ndi tcheni.

Wadzuka, wapita kukachiona tchenicho, wabwera, wakhala. Akuti, "Baba, ndalemba." Ndamufunsa ngati walembanso za msuku zija, akuti ndidanena ndekha kuti asakometse.

Bondo lakumanzere latupa.

Lachisanu

Kumzikiti ndapita wapansi, ndi ndodo. Njinga ili m'nyumba, ndaifunditsa nsalu.

Titatha kuswali, aliyense ali ndi nzeru. Wina akuti ndikwere lole ya pamsewu waukulu, nditsike pamsika, kotsalako ndiyende. Wina akuti nditume Amidu. Wina akufunsa ngati njingayo ikugulitsidwa. Onse ndaŵauza za tcheni.

Yusufu wadutsa madzulo, akuti, "Baba, ingomulemberani, adzanyinyirika n'kubwera." Samudziŵa mlongo wake. Patuma ali mwana adakana kudya masiku aŵiri chifukwa ndidamuitana dzina la Mariamu. Khalidwe limenelo sadatengere mayi ake.

Mayi wina wogulitsa nkhuni wabweretsa mawu ochokera kuphiri. Akuti Patuma akuti za sadaka wamva kwa a kumaliro, wamva kwa a kuchipatala, wamvanso kwa bambo wosenza mitengo, koma kwa bambo ake sanamve.

Ndayesa kukwera njinga kuseri kwa nyumba, kumene kulibe anthu. Mwendo ukukana kudumpha chishalo. Ndaibwezera m'nyumba.

Amayi awo akanakhalapo, akanangomanga mpango n'kuyenda. Iwo ku Chowe ankapita. Pobwera ankandiuza kuti chimanga chabereka, kuti mdzukulu wayamba kukwaŵa, ine n'kumayankha kuti ndamva.

Loŵeruka

Mariamu, lemba msanga.

Mmamaŵa ndikutuluka, ndikupeza munthu wanjuta patali ndi khonde, chipewa chili m'manja, mapazi oyera ndi fumbi. Jafali. Watsika phiri lonse wapansi.

Tapatsana moni wautali, iye maso pansi. Ndimayembekeza kuti anena kuti wabwera kudzanditenga, ndipo yankho ndinali nalo kale. Iye akuti, "Apongozi, ndamva kuti tcheni chikuvuta."

Ndamutulutsira njinga. Waigadamitsa, wazunguza pedulo, wamvetsera. Tcheni chikuyenda ngati madzi. Wapukusa mutu, akuti, "Eya, chilipo chovuta. Koma chimenechi sichioneka pabwalo, chimafuna kuchiyesa pachitunda, kumbuyo kuli cholemera."

Ndamufunsa cholemera chotani. Akuti, "Chonga munthu wamkulu."

Mariamu waloŵa m'nyumba, ndikumumva akutsokomola.

Ine, bambo wa kalaliki, pakaliyala ngati thumba la chimanga, kuwoloka mlatho asodzi onse akuona. Ndaganiza. Ndapempha kapilo koika pansi.

Tiyi ndanyamula. Pompi anyamula ndi iye.

Lamulungu

Lero akulemba ndi Patuma. Akulemba pang'onopang'ono, ndiye ndifupikitsa.

Ku Chowe ndafika, koma sindinapalase. Zilembedwe choncho.

Pamlatho andiona. Mmodzi wafuula kuti, "Madala, mwalemba dalaivala?" Ndamukwezera dzanja ngati bwana.

Njira imeneyi ndaiyenda zaka zambiri maso ali pa tayala. Dzulo ndiye ndaiona. Mitengo ya mombo yayamba masamba atsopano, ofiira ngati ikupsa, mvula isanagwe n'komwe. Pokhota pena nyanja imaoneka yonse kumbuyo, sindinkadziŵa. Pachitunda chija Jafali watsika n'kumakankha ine ndili pompo, akuti tcheni chisazoloŵere kupepuka.

Ndimamutchulira mitengo, iye akuti kwawo ndi yomweyi, maina omwewa. Bambo ake adali ndi njinga ngati iyi, ankapita nayo kukagula mchere. Adaibisa m'tchire usiku umene ankathaŵa, kuti adzaitenge zikatha. Bambowo adatsala panjira. Ine ndangogwiritsa chishalo.

Munda wawo ndi wosamalika. Nkhokwe ziŵiri. Mdzukulu akuyenda, ndipo akundiopa.

Ndakhala pamkeka, ndamuitana Patuma dzina lake, ndamuuza ndi pakamwa panga kuti kuli sadaka ya amayi ake, abwere ndi mwamuna wake. Wati, "Ndamva, Baba." Kenako wapita kuseri kwa nkhokwe, watenga nthaŵi.

Maŵa Jafali akanditula kunyumba, njinga abwerera nayo kuno. Tcheni chotere chimafuna munthu wochimvetsa. Saidi ndidzamufotokozera ndekha, wina asayambe.

Sadaka ili Loŵeruka lachiŵiri la Seputembala, pakhomo panga pa Mponda. Mpunga udzaphikidwa wa ana asanu ndi mabanja awo.