Timba wa ku Ulaya m'bango la ku Redcliff

Lolemba
Pepa kope langa, ndikukudetsanso ndi za mbalame, koma iyi ndi nkhani ya ntchito. Mai Ncube, aphunzitsi a ku Gweru amene ali ndi gulu loona mbalame, andibwereka buku ndi magalasi oonera patali. Akuti ndikawaonetsa timba wa ku Ulaya Loweruka, ndizikhala wowatsogolera mwezi uliwonse. Chitsekereni kampani ya zitsulo sindinalembedwepo pena. Timbayo alipo, m'bango la kuseri kwa damu. Sindikukayika.

Lachiwiri
Zizindikiro zake:
1. Nsidze yoyera, yotambalala.
2. Msana wa mizeremizere. Timba wa konkuno alibe.
3. Pamutu poderapo.
4. Nyimbo yosokonekera ngati wailesi ya m'kombi, minibasi zathu zija.
Amabwera ndi mvula. Chisa samanga kuno, amangodya tizilombo n'kunenepa, Epulo akafika ulendo kwawo. Kanthu kochepera chibakera, kuwoloka nyanja popanda pasipoti!

Lachitatu
Maola anayi m'matope. Ndamuona katatu: mchira, mchiranso, kenako theka la nsidze. Ndi yemweyo! Vuto ndi bango. Lawirira, iye amangolowa pansi. Ine wozolowera ndikuvutika chonchi, nanga alendo a nsapato zoyera?

Lachinayi
Nzeru ndaipeza. Pa kampani ndinali wa m'galadeni, ndipo kukamabwera mabwana lamulo linali limodzi: tchetcha, sesa, paka miyala laimu. Palibe bwana anadandaulapo. Chikwakwa ndanola, ndayamba mmawa.
Mkazi wanga akuti, "Bambo a Rudo, mbalameyo yakutumani kuti muigwetsere nyumba?" Za alendo sadziwa.

Lachisanu
Bango lonse pansi. Njira ndalambula, miyala ndapaka mbali zonse ziwiri, benchi ndabwereka kutchalitchi. Che Saidi aneba atuta bangolo pa wilibala, akuti alukira mphasa. "Achimwene, Mulungu akudalitseni, chaka chino mwandigwirira ntchito."
Timba sanaimbe lero. Akupuma. Mawa alibe pobisala, aoneka yense mpaka zala.

Loweruka
Alendo asanu ndi anayi, zipewa, makamera. Ine malaya ositidwa.
Mai Ncube aima, ayang'ana uku ndi uku. Amanditchula Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. "Sekuru, bango lija lili kuti?"
Ndawauza kuti ndakonza. Akhala pa benchi, chipewa chili m'manja.
Zimene taona:
achule,
kakowa mmodzi,
botolo.
Bambo wina wajambula miyala yanga. Wina akufunsa ngati pamangidwa sitolo. Ndayesa kuimba ngati timba kuti atuluke. Wayankha ndi galu.
Pokwera galimoto Mai Ncube akuti, "Mbalame ya m'bango imafuna bango, sekuru." M'bukumo mwina zalembedwa, koma n'Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono.

Lamulungu
Msana ukuwawa, m'manja matuza. Kudamu kuli zii. Malowo ndi aukhondo, zimenezo palibe angatsutse. A mkulu wampingo aona malowo potenga benchi, akuti kumanda kukufunika munthu wotchetcha chonchi kuyambira Lachinayi.
Ndawalembera Mai Ncube pa foni: "Pepani povutitsa. Bango limaphukanso, timba abweranso ndi mvula, ndipo sindidzakhudza kanthu. Ngati ntchito ija ikadalipo, chonde mundiyankhe Lachitatu lisanathe. Mukapanda kutero ndivomera ya kumanda."
Chikwakwa ndanoleratu.