Mano Anga Awiri Amene Mwawatcha Zodzikongoletsera

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Inshuwalansi ya Zaumoyo ya Gonani Tulo.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada. Pepani kuti ndakulemberani kudzera m'nyuzipepala. Ndikanakonda kufika ndekha ku ofesi kwanu, koma mlonda wa pageti panu amagwira ntchito yake mokhulupirika zedi. Komanso ngakhale akanandilowetsa, simukanamva zonena zanga, chifukwa masiku ano ndikamayankhula, theka la mawu limathawira pampata.

Ine ndine mphunzitsi wa kalasi yoyamba, mmodzi mwa anthu amene mumawadula kangachepe pa malipiro awo mwezi ndi mwezi, kuti tikadwala tizigona tulo monga dzina lanu linenera. Pa nkhani yodula, Bwana, simunachedwepo ngakhale kamodzi, ndipo Mulungu akudalitseni.

Teremu yapitayi ndinakwera pa desiki kuti ndikhome tchati cha zilembo kukhoma. Mwendo umodzi wa desikiyo unali wochirikizidwa ndi njerwa. Njerwayo inatopa. Ndinagwa chafufumimba, pakamwa n'kumenyetsa m'mphepete mwa tebulo. Dzino limodzi lakutsogolo linathyoka pakati. Linzake linagwera pansi lathunthu, ndipo mwana wina analitola n'kundipatsa ndi manja awiri, monga ndinawaphunzitsira. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndi zambiri zoti ndikuthokozeni, ndipo mundilole ndizitchule.

Choyamba, zikomo chifukwa cha maphunziro. Nditapempha kuti mundithandize kuika mano oikirira, munandiyankha pa pepala losalala bwino kuti mano akutsogolo ali m'gulu la zodzikongoletsera, choncho sizikukukhudzani. Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikunamiza ana a eni kuti mano ndi olumira chakudya ndi otchulira mawu, osadziwa kuti ali mtundu umodzi ndi ndolo, mikanda ndi utoto wa m'zikhadabo. Kusaphunzira n'koipa.

Chachiwiri, zikomo pondionetsa tauni. Chithokozo ichi mugawane ndi anzanu a kuchipatala cha boma. Kumeneko ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, pakati pa anthu ogwira masaya, mpaka ndinafika kwa adokotala a mano. Ndi bambo abwino, otopa, okhala ndi chida chimodzi chokha chooneka ngati pulayazi. Anachotsa kachitsa kanatsala kaja, n'kundilumitsa thonje, kenaka n'kundinong'oneza kuti zoika mano pano sitichita, koma pali malo ena pamwamba pa sitolo ya nsapato amene amatsegula masana. Ndinapita. Ndinapeza mipando yofewa, wailesi ya kanema kukhoma, ndi tinsomba tosambira m'bokosi lagalasi. Chitseko chitatseguka, amene anatulukira ndi adokotala omwe aja, atavala chovala choyera mbee, kutopa konse kutatha. Anandiyang'ana m'kamwa ngati akuyang'anamo koyamba. Anati awiriwo aikadi, koma akaikidwa adzawala kuposa anzawo, ndiye ndi bwino tiyeretsenso onse otsalawo. Mtengo sanautchule pakamwa. Anaulemba pakapepala. Ine ndinayesa akundipatsa nambala yawo ya foni.

Chachitatu ndi chachikulu, ndipo pano mundipirire. Ana a kalasi yoyamba, Bwana, ambiri ali pa msinkhu wogweluka mano. Nditabwerera kuntchito anandilandira ngati mnzawo. Kamtsikana kena kanandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musalire madamu, amera ena, anga akumera." Ndinalephera kukafotokozera kuti anga akudikira chilolezo chanu.

Vuto ndi loti ntchito yanga ndi kuphunzitsa maliwu a zilembo. Ndimaima kutsogolo, ndimatchula, ana n'kubwereza. Tsono chilembo cha "s" chinandithawa. Ndikati "sopo" kumatuluka "fopo". Ndikati "sukulu" kumatuluka "fukulu". Ndikakalipa kuti asiye phokoso, kalasi yonse imamva "fiyani phokofo", ndipo phokosolo limawonjezeka. Ana a msinkhu uwu amakhulupirira mphunzitsi kuposa makolo awo. Bambo wina, dalaivala wa lole, anabwera kusukulu atakwiya kuti mwana wake anamutsutsa pamaso pa alendo kuti si "sokosi" koma "fokofi", chifukwa madamu anatero. Ndinayesa kupepesa. Bamboyo atamva kupepesa kwangako anangovula chipewa n'kubwerera.

Ahedi athu si munthu woipa. Anandiitanira mu ofesi, natseka chitseko, n'kunena akuyang'ana pansi kuti ngati sizisintha, teremu ikubwerayi kalasi yoyamba aipereka kwa wina, ine ndizikasunga mabuku kuchipinda chakumbuyo, kumene sikufunika kuyankhula. Inu simungadziwe, Bwana, chimene chimachitika mwana akalumikiza zilembo koyamba n'kuzindikira kuti wawerenga mawu. Amatukula mutu, maso ali tong'o, ngati wapeza chinthu chimene dziko lonse linataya. Ine ndinakalamba ndikudikira nkhope imeneyo chaka ndi chaka. Koma mwina nayonso ndi yodzikongoletsera.

Chachinayi, zikomo pobweretsa msonkhano m'banja mwathu. Tinali tisanakhalepo pansi tonse chimwalirireni apongozi aamuna.

Ife timakhala nyumba ya lendi. Kuli kapuloti kunja kwa tauni kumene tinaimika makoma, ndipo malata ake tinkagula limodzilimodzi n'kumasunga kunsi kwa bedi. Anali atangokwana. Bambo a kunyumba kwathu ndi kalipentala, ndipo mitengo ya denga anali ataipala kale ndi manja awo. Ndiye nkhani inali yachidule: denga kapena mano.

Apongozi anga aakazi anayamba ndi iwo. Anandifunsa kuti, "Kodi mukufuna kukwatiwanso? Mwamuna muli naye, ana muli nawo, mano akutsogolo mukufuna mukope nawo ndani? Ine otsala ndi anayi, koma nyama sindiibweza." Mukadzafuna wina wokuthandizani kuyankha makalata, Bwana, mayi amenewa ndikuwavomereza. Mng'ono wanga, amene amaluka tsitsi mumsika, anaikira kumbuyo mano. Anati nyumba siseka, ndipo mkazi akayamba kuphimba pakamwa ndi dzanja, mawa adzaphimba ndi maganizo omwe. Alamu anga anati amadziwa munthu wina kuseri kwa depoti amene amaika mano motchipa, kungoti amakhala aakulu pang'ono. Mwana wathu wachisamba anafunsa ngati m'nyumba yatsopanoyo adzakhale ndi chipinda chakechake. Bambo a kunyumba ankangopukuta tepi yawo yoyezera matabwa.

Ndinagamula ndekha kuti denga lipambane. Ndinadziuza kuti munthu wamkulu sagulitsa nyumba ya ana ake chifukwa cha kumwetulira, ndipo chipinda cha mabuku nachonso ndi ntchito. Ndinaphunzira kuseka ndi mphuno. Pa zithunzi ndinkaima kumbuyo. Kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo. Kenaka, osadziwa kuti zayamba liti, ndinasiyiratu kuseka, chifukwa kukumbukira dzanja nthawi zonse n'kotopetsa.

Loweruka lapitali ndinachokera kumsika n'kuwerama kuti ndikankhire dengu kunsi kwa bedi, monga mwa masiku onse. Dengulo linalowa mpaka kukhoma. Ndinasuzumira. Kunalibe lata ngakhale limodzi, fumbi lokhalokha. Ndinathamangira panja ndikukuwa kuti atibera. Bambo a kunyumba anali khale pa benchi yawo akupala thabwa, ndipo sanatukule n'komwe mutu. Anati, "Palibe wakuba, mayi a ana. Ndagulitsa kwa mnzanga wa hadiweya. Makoma adikira, njerwa sizisungunuka ndi mvula ya chaka chimodzi. Koma m'nyumba muno mwazizira chisiyireni inu kuseka, ndipo ine sindikufuna kukazizidwa m'nyumba ya malata atsopano."

Ndinawakalipira, Bwana. Ndinawanena kuti ndi osaganiza, osamva, osafunsa. Mawu onsewo ali ndi "s", ndiye mungathe kuganiza mmene anamvekera. Iwo anayamba kuseka, ine n'kuyamba kulira, kenaka sindikudziwa kuti zinasinthana bwanji. Apongozi sakutiyankhula mpaka lero. Mwana wachisamba uja akugonabe pa mphasa yake ya pabalaza osadandaula, ndipo kusadandaulako ndiko kukundipweteka.

Choncho sabata yamawa ndikukwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya nsapato, kukaika mano awiri okha. Zoyeretsa enawo ndakana; awale okha awiriwo, anthu adziwe pamene panapita denga lathu. Ahedi ati kalasi yanga aisunga. Inu simunataye kalikonse, ndipo ndikukondwera nanu.

Ndisanatseke, ndili ndi kapempho kamodzi, kakang'ono ngati ine ndemwe. Sindikupempha ndalama, ndaleredwa bwino. Ndamva kuti mwezi wamawa mudzayankhula pa wailesi ya kanema, kufotokozera dziko mmene kampani yanu yapindulira chaka chino. Poti zodzikongoletsera munthu amatha kuvula, ndikupempha kuti tsiku limenelo mano anu awiri akutsogolo mudzawasiye kunyumba. Mudzaime pamaso pa anthu monga mmene mwatiuzira kuti n'zokwanira, ndipo mukadzafika pa mawu anu okoma aja akuti "timasamala za inu", mudzawatchule pang'onopang'ono kuti tonse timve. Za mtengo musade nkhawa. Ndawerenga malamulo a kampani yanu mpaka kumapeto: kuzula kokha mumalipira.

Ndine wanu wogwada, wodulidwa mokhulupirika,

Mphunzitsi wa kalasi yoyamba.