Nkhondo ya Mipope Yofiira ndi Yabuluu

M'chaka chimene pulojekita ya m'chipinda chachinayi inkayaka pokhapokha itamenyedwa mbama, m'masiku amene ophunzira utolankhani wa manambala ankalemekeza tchati kuposa makolo awo, kunabuka nkhondo imene olemba mbiri aiwala dala. Koma ine ndinalipo, pa mpando wachitatu kuchokera kukhomo.

Adokotala, eni phunzirolo, analamula kuti ophunzira awiriawiri awerenge mipope ya m'nyumba zogona ophunzira, yamoyo ndi yakufa, aionetse pa tchati. Tsoka linaphatikiza Kafiira, mkango wa laputopu yosweka pakona, wosagonja pa mkangano chifukwa samva za munthu, ndi Nabuluu, mwana wa telala, wogwetsa mizati ya manambala ndi chala chimodzi. Nabuluu anali atalephera kale phunziroli kamodzi. Kulepheranso kunali kulongedza, chonsecho mayi ake anali atamusokera kale diresi la tsiku lolandira digiri, n'kulionetsa kwa makasitomala onse.

Kuwerenga anawerenga mwamtendere: mipope 90 yamoyo, 84 yakufa. Moto unabuka pa mitundu.

Kafiira anaimirira nafuula: "Yakufa ikhale yofiira ngati magazi, yamoyo yobiriwira! Woona tchatichi alire!"

"Iwe, m'kalasi umabwera kudzagona?" anayankha Nabuluu. "Adokotala anati pali anthu amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Yakufa buluu, yamoyo olenji, basi!"

"Buluu ndi madzi, aise! Mpope wouma gwa uuveke buluu? Ulibe manyazi?"

Milungu itatu yathunthu anamenyana m'fayilo imodzi imene onse ankatsegula. M'mawa mizati inkafiira, masana n'kukhala yabuluu, pomwe mipope yeniyeniyo inkangouma osafunsidwa maganizo. Kalasi inagawikana pakati. Chibwenzi china cha zaka ziwiri chinathera pomwepo.

Tsiku lomaliza linafika, ndipo Adokotala ankafuna ntchitoyo papepala isanakwane 12 koloko masana. Ngwazi ziwirizo zinaguba kupita kwa bambo wosindikiza mapepala, aliyense ndi tchati chake, kuti pepala liweruze. Makina anatsokomola, nalavula mapepala awiri. Chofiira, chobiriwira, buluu, olenji, zonse zinatuluka zotuwa mofanana, osadziwika mpope wamoyo ndi uti.

"Inki yamitundu inatha chaka chatha," anatero bamboyo, akutokosa m'mano. "Mukanafunsa."

Panatsala mphindi khumi ndi zisanu. Nabuluu anayang'ana mapepala otuwawo. Anaona diresi lija likulowa m'sutikesi losavalidwa, ndipo misozi inalengeza. Ndinamumvera chisoni, sindibisa.

"Bambo, tibwerekeni cholembera," anatero Nabuluu.

Bamboyo anali nacho chimodzi chokha. Chofiira.

Mwana wa telala anachiyang'ana, nachitenga, nayamba kukhwatcha timizere pa mizati ya mipope yakufa, yamoyo n'kuisiya yotuwa. Kafiira anamugwirira rula. "Ine sindinena kanthu," anatero, mano onse ali pamtunda.

Patapita mlungu Adokotala anabweza mapepala nati: "Kalasi yonse yandipatsa phulusa. Awiri awa okha ndi amene tchati chawo chikuwerengeka, ngakhale chikuoneka ngati chalembedwa m'basi."

Mtendere unakondwereredwa monga mwa ukulu wa nkhondoyo. Cholembera chija chinabwerekedwanso, chinagonekedwa pa buku, chinanyamulidwa pamutu kuzungulira laibulale katatu, bambo wosindikiza akutsatira pambuyo kufuna katundu wake. Kafiira analankhula kwa theka la ola za kupambana kwa magazi, osamvedwa ndi aliyense.

Nabuluu sanatsutse. Anaimbira foni mayi ake kuti diresi alisite, kenako anatsegulanso pepala lija. Pamwamba pake panali malikisi 52, okwanira kukhoza, amene Adokotala analemba ndi inki yofiira. Mdani wamkulu wa chofiira anayang'ana uku ndi uku, napsompsona 52 wofiirayo.