Zikomo Chifukwa cha Udzu Wosamera

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Masewero ndi Kukongoletsa Midzi,

Bwana,

Ndakhala pansi, ndawerama, ndaomba m'manja katatu monga tichitira polandira kava, chakumwa chathu chamwambo chija. Ndine Vasiti Rokosuka wa m'mudzi wa Natokalevu, mayi wosadziwa kanthu, amene ndakhala ndikumira mumtsinje kutola kai, nkhono zathu zodya zija, kwa zaka makumi anayi. Kulembera munthu wamkulu ngati inu si msinkhu wanga, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha bwalo la ragibi. Ife tinapempha mpira, inu mwa chifundo chanu munatipatsa udzu. Udzu wake wapulasitiki, wobiriwira chaka chonse, woyalidwa ngati mphasa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Ng'ombe ya a Peniasi inaulawa kamodzi, mpaka lero imadutsa pamenepo itayang'ana kumbali.

Chachiwiri, zikomo potumiza uthenga woti mudzabwera kudzatsegula bwalolo. Mwambo wathu mukuudziwa: mlendo wamkulu salowa m'mudzi wosatchetcha. Lolemba ng'oma ya lali inalira, amuna onse anatuluka ndi makina awo otchetchera. Anayambira kumanda, anadzera kutchalitchi, ndipo atafika pabwalo anaima kaye n'kumayang'anana. Mlamu wanga Sakiusa, amene anakhalako kunja, ku Auckland, miyezi itatu ndipo nkhani zake zakumeneko sitipuma nazo, ndiye anagamula. Anati, "Amuna inu, udzu ndi udzu basi. A Nduna akaupeza wosameta adzati tilibe mwambo. Lizani makina!" Ine ndinakuwa ndili m'madzi kuti, "Alamu, umenewotu sumera!" Iwo anandiyankha kuti, "Za pamtunda tisiyireni eni ake, inu bwererani kwa nkhono zanu."

Anaumeta mokhulupirika, Bwana, mpaka kuonekera nsalu yakuda ya pansi. Zotchetchazo zinali ngati ufa wobiriwira. Amayi anasesa, ndipo ndisaname pamaso panu, nanenso tsache ndinagwira. Tinakataya kumene makolo athu ankataya udzu wonse, mumtsinje, kuti madzi apite nawo. Mawilibala khumi ndi awiri! Pa tsiku lotsegulira bwalolo inu simunabwere, akuti msonkhano unakugwirani. Nkhumba imene tinakupherani tinaidya ndi chisoni chachikulu, osasiya ndi fupa lomwe.

Chachitatu ndi cha kai. Mwina kuofesi simudziwa kadyedwe kake. Zimakhala m'matope kukamwa kuli yasa, kumeza chilichonse chodutsa, ngati alamu anga aja pa phwando la ukwati. Tikatola timaziviika m'beseni masiku awiri kuti zilavule mchenga. Zanga tsopano zikulavula bwalo lanu. M'mawa uliwonse pansi pa beseni pamakhala pobiriwira, ndipo zina, pokonda mphatso ya boma, zimakana kulavula. Loweruka kumsika Mayi Shanti, amene akhala akugula kwa ine kuyambira ndili ndi mano onse, anabweza mulu wathunthu. Anati, "Vasiti mnzanga, amuna anga anapempha kai za mkaka wa kokonati, za masambazi anaitanitsa ndani? Mpaka pano akutokosa m'mano." Ndinaseka nawo, anthu onse anaseka. Koma pobwerera m'basi ndinalira, Bwana, ndipo sindichita manyazi kunena.

Chachinayi, zikomo potitumizira Dokotala Ilisapeci ndi timabotolo tawo. Anatunga madzi, anasuzumira pa galasi lawo lokuza zinthu, kenaka anapukusa mutu. Akuti tizidutswa ta pulasitiki timene tikutiona ndi tochepa, tambiri ndi tosaoneka, ndipo tinayamba kale kutsika ndi madzi kuchokera ku zovala, zingwe ndi mabotolo a m'tauni ya kumtunda. Udzu wanu unangodzathira mchere pa ndiwo zophikaphika. Pochoka anakhoma chikwangwani choti kuyambira mwezi wamawa kutola kai nkoletsedwa, mpaka zinthu zitakhala bwino. Chikwangwanicho nchokongola, chapulasitiki, ndipo dzuwa layamba kale kuchinyenyera m'madzi. Nditawafunsa kuti zinthu zidzakhala bwino liti, anati, "Mayi, pulasitikitu saola. Mwina zaka mazana anayi."

Ndamva kuti amuna akukulemberaninso kupempha udzu wina, poti uja sunaphukire, ngakhale a Sakiusa akuuthirira m'mawa ndi madzulo. Zimenezo muona nokha mwa nzeru zanu.

Langa pempho ndi laling'ono. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo ayamba kulira, ndipo kupatula kumira palibe ntchito ina imene ndiidziwa. Koma poti boma lati tidikire, ine ndani kuti nditsutse? Zaka mazana anayizo ndidikira ndithu. Ndingopempha kuti mundilembere kalata ya chidindo, yonena tsiku lenileni ndi kuti lidzakhala Lachingati, kuti ana anga adzandiike nayo m'bokosi pamodzi ndi beseni langa, ndisadzachedwe kumtsinje.

Ine wantchito wanu wopanda ntchito,

Vasiti Rokosuka