Chipewa Chotuwa cha Apongozi

Pabalaza pathu pali chithunzi cha ukwati chimene alendo amachiyang'ana kawiri, kenako n'kutsokomola kuti abise kuseka. Mkazi wanga akuoneka bwino. Vuto ndi chimene chakhala pamutu panga. Ndakhala ndikunamiza anthu kuti inali fashoni ya chaka chimenecho, koma lero ndiulule, pakuti ukwatiwo unatsala pang'ono kuthera m'beseni.

Ine kwathu ndi ku Katete. Ndinapita ku Lundazi kukagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza, ndipo nditangodziwa kunena "monile" ndi "yewo" ndinadziyesa Mtumbuka weniweni. Tiwonge, chibwenzi changa, ankandichenjeza kuti Chitumbuka changa n'chongogulitsira feteleza. Ine ndinkati zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, palibe chondisokoneza.

Bambo ake, a Nyirenda, ndi mkulu wa kwa Mphamba amene paunyamata anagwira ntchito kumigodi. Anabwerako ndi chifuwa chosatha komanso ulemu wa chipewa. Pakhoma la pabalaza pawo panali misomali itatu. Pa woyamba panali chipewa chakuda cha kumaliro. Pa wachiwiri panali choyera, chooneka chatsopano. Pa wachitatu panali chakale cha ubweya, cha mtundu wa phulusa, zija za njonda zamakedzana zokhala ndi mlomo wozungulira ndi kadzenje pamwamba.

Lamlungu, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tikwatirane, anandiitanitsa. Ndinakhala pakampando pafupi ndi khomo, maso pansi, monga mkamwini woleredwa. Anayankhula zambiri zimene ndinkangoyankha kuti yewo. Pomaliza anaimirira nati, "A mkweni, chituwa chila tolani, nchinu. Muvwale pa nthengwa." Atatero anatuluka kupita kukhola la ng'ombe.

Ndinamva bwino lomwe: chipewa chotuwacho tengani, n'chanu, muvale paukwati. Mwina analoza ndi chala, sindikudziwa, maso anga anali pa nsapato zanga. Ndipo apongozi sawafunsa kawiri. Ndinayang'ana pakhoma. Chotuwa chinalipo chimodzi chokha, chotuwa ngati mwendo wa munthu wosadzola. Ndinachitsitsa, n'kuchibisa m'chikwama kuti ndisaoneke wonyada pakhomo pa eni, ndi kupalasa njinga kubwerera kuboma.

Zikanathera pomwepo bwenzi nkhani ili yaing'ono. Koma ine ndine munthu wa nzeru zambiri (amayi ankatero, ndipo sankanditamanda). Ndinaganiza kuti mkuluyo potchula kutuwa ankandipepesa kuti mphatsoyo ndi yafumbi. Ndiye Lachiwiri ndinatenthetsa madzi, ndinathira sopo waufa wokwanira bulangeti, ndi kuchikwecha chipewacho ndi burashi ya nsapato. Madzi anada, mtima wanga unayera. Ndinachifinya bwinobwino n'kuchiyanika padenga la malata.

Madzulo nditachitsitsa ndinayamba ndayang'ana padenga ngati pali china. Chinali chitafota. Mlomo unali utapindikapindika ngati tsamba la fodya louma, ndipo m'mene munkalowa mutu munkangolowa chibakera ndi theka. Kutuwa kokha ndiye kunali komweko.

Lachitatu ndinati ndichiwongole ndi simbi yamakala. Apa sindinena zambiri. Fungo la ubweya wopserera linafika mpaka kwa aneba, ndipo pamlomo pa chipewacho panatsala chizindikiro cha simbi, chooneka bwino ndi nsonga yake yomwe. Ndinadzitonthoza kuti ndidzanena kuti chinandithina, basi.

Lachinayi m'mawa Tiwonge anaimba foni. Mawu ake anali a munthu amene walira kale.

"Kuno zinthu sizili bwino. Chipewa cha adada chasowa."

"Chiti?"

"Cha phulusa chija. Chimene anavala pokwatila amama." Amayi ake anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. "Kuyambila Mande sakudya. Tagwetsa nyumba yonse. Akuti popanda chipewa chija ku chechi sapondako, ndipo ngati iwo sapondako, ine sindituluka m'nyumba muno. Akuti wakubayo ni munthu wodziwa nyumba ino."

Ndinakhala pathumba la feteleza.

"Komanso akudandaula," anapitiriza, "kuti iwe unakana mphatso yawo. Chituwa chikali pa msomali."

"Chituwa... ndiye chooneka bwanji?"

"Choyela, nanga. Kutuwa ni kuyela. Si iwe umati Chitumbuka uchidziwa?"

Abale anga, mawu amodzi omwewo. Kwathu chinthu chikatuwa ndiye kuti chikufuna madzi. Kwa a Nyirenda chinthu chituwa ndi choyera mbee. Ndinamuuza Tiwonge kuti kwabwera kasitomala, ndinadula foni. M'sitolo munalibe ngakhale ntchentche.

Ndinathamangira kumsika wa salaula, wa zovala zakaunjika, chipewa chili m'pulasitiki yakuda. Ndinafufuza mulu uliwonse. Zipewa zinalipo, za mpira, za dzuwa, za ana, koma cha mtundu umenewu ayi. Mayi wina wogulitsa majekete anachitulutsa m'pulasitikimo ndi zala ziwiri, n'kuwerenga kachikopa ka m'kati.

"Mwachichita chani ichi?"

"Ninachiwasha chabe."

"Na madzi yakupya?" Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ndinaphika mwana wa mbuzi wamoyo. Anatokosa foni yake kanthawi, kenako anandionetsa chithunzi cha chipewa chofanana nacho, chogulitsidwa kunja. "Ivi vakudala ni vodula, tate. Muikepo na transipoti, mwagula thole la ng'ombe."

Ndinakumbuka kuti Tiwonge anandiuzapo kuti bambo ake amakonda kunena kuti chipewacho chinawadyera malipiro a theka la mwezi, masiku amene ndalama inali ndi mano. Ine ndinkayesa nkhambakamwa za okalamba. Tsopano ndinali nditaphika ng'ombe yathunthu m'beseni, kuwonjezera pa za malowolo zimene akwathu anali atapereka kale.

Maganizo oipa anabwera, sindikana. Chimbudzi cha kuseri kwa msika n'chakuya, ndipo palibe anandiona ndikutenga chipewacho. Koma pakhomo paja anali atayamba kale kuyang'anana ndi diso lofiira, ndipo Loweruka linali mkuja. Chipewa chikapanda kuoneka, ukwati palibe. Chikaoneka chili chonchi, mwinanso palibe. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinkamufuna Tiwonge kuposa mmene ndinkaopera bambo ake, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa.

Lachisanu m'mawa ndinapalasa njinga kupita kwa Mphamba. Ndinapeza azimayi akusinja ndi kuphika thobwa la ukwati mwakachetechete, ngati pamaliro. A Nyirenda anali pakhonde. Ndinagwada patali, ndinakankhira pulasitiki ija patsogolo, ndi kufotokoza zonse m'Chinyanja, chifukwa Chitumbuka chinali chitandithawa. Misi inaleka kulira. Tiwonge anaima pakhomo la khitchini atagwira pakamwa.

Mkuluyo anatulutsa chipewacho. Anachitembenuza. Anayang'ana chizindikiro cha simbi nthawi yaitali moti ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Kenako anapinda kachikopa ka m'kati. Pansi pake panali kansalu kofiira kosokedwa ndi manja, kokhala ndi zilembo ziwiri. Anakasisita ndi chala chachikulu.

"Aka anasoka ni anyina Tiwonge," anatero m'Chinyanja, pang'onopang'ono, kuti chitsiru chimve. "Mukanataya, sembe nakuuzani kuti mubwelele ku Katete."

Anaitanitsa lezala, anatumbula ulusi mosamala, napereka kansaluko kwa Tiwonge kuti akasokerere m'chipewa choyera chija. Ine ndinayamba kupuma.

"Choyela nizavala ndine," anatero. "Imwe munasankha ichi. Nchinu. Muvwale pa nthengwa, monga ninakambila."

"Adada, sichilowa."

"Chizankhala pamwamba."

Chinakhaladi pamwamba. Kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kumadyerero ndinayenda khosi lili chilili ngati mayi wosenza ndowa yodzaza, chipewa chili ndendende pansonga ya mutu, chizindikiro cha simbi chikuloza kutsogolo. Chikagwa, a Nyirenda ankangotsokomola, ine n'kutola. Tiwonge anaseka mpaka wojambula anamupempha kuti apume kaye.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti mawu amenewa sadzandipusitsanso. Mwezi wathawu tinapita kukawaona, ndipo potsanzikana anati, "A mkweni, gwilani nkhuku yotuwa ija mukadye na ana." Ndinamwetulira ngati munthu wodziwa zinthu. Ndinathamangitsa tambala woyera kuzungulira khola kawiri, ndinamugwira, ndi kumumanga miyendo.

A Nyirenda anandiyang'ana, anayang'ana tambala wawo yekhayo wa mbewu, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Muuze mwamuna wako," anatero, "kuti masiku ano nimamukambitsa m'Chinyanja."